Chiiwale Wapita ku Garimpo

Lolemba, 4 Agosito

Wina akadzatsegula kope ili ine kulibe, ndikudziwa chimene chidzayambe kumudetsa nkhawa: kodi Odete, mphunzitsi wathunthu, woimba kwaya, wayamba kupembedza dongo? Ayi. Mtima pansi. Ndi masewera. Ndalemba poyambirira penipeni chifukwa pakamwa ndanena mpaka malovu auma, ndipo zikuoneka kuti ku Fingoe kuno mawu akuti masewera salowa m'khutu.

Ndifotokoze bwino, poti kufotokoza ndiyo ntchito yanga.

Ndinaona pa telefoni anthu akusewera masewera oti mmodzi amasimba za dziko lopeka, enawo n'kumayendamo ngati alendo, kumenyana ndi zilombo, kufunafuna chuma. Redi yathu ya kuno, netiweki ija, imabwera ikafuna yokha, ndiye ndinapanga anga. Mapu ndinajambula pa katoni ya sabau, sopo wochapira. Munthu aliyense ndi chitsekerero cha botolo. Tili ndi dado, kathabwa kaja ka madontho, ndipo timakhala pakhonde Lamulungu masana: ine, mng'ono wanga Zélia, amuna ake alamu Rogério, ndi aliyense wa pafupi amene wathawa ntchito kwawo.

Dziko limafuna chiyambi, ndiye ndinalipatsa.

Poyamba kunali matope okhaokha ndi milungu itatu yosowa chochita. Wamkulu, Gonthi, anaumba dziko ngati mbiya. Atatha anatuma mng'ono wake Bweramawa kukatola nkhuni zowotchera. Mpaka lero sanabwere. Mbiya ija inauma padzuwa, n'kuchita ming'alu, ndipo m'ming'alumo munatuluka anthu, osaitanidwa, ngati linthumbu. Milungu inachita manyazi. Palibe amene anafuna anthu, anangopezeka. Mlongo wawo Chiiwale anapatsidwa zinyenyeswa za dzuwa kuti asunge. Anazikwirira pansi, n'kuiwala pomwe anakwirira. Ndiye golide ameneyo.

Ukafuna kupemphera m'masewerawa umaponya dado. Gonthi amamva pokhapokha madontho agwe onse asanu ndi limodzi, ndipo akamva amapereka chimene wapempha kwa mnansi wako. Bweramawa dzina lake ndilo yankho lake. Onse atatu amaopa mvula, poti nawonso ndi dongo losawotcha; ndicho chifukwa chake dzinja likafika, misewu itaduka, milungu sioneka.

Ndinaiumba ndi dongo la kudambo, uliwonse kutalika ngati chitsononkho, ndipo sindinaiwotche dala.

Tsono nkhani ya lero: Chiiwale wasowa m'chitini momwe ndimasungira.

Pa 17 apadiri akubwera kudzabatiza. Yolanda, mwana wa Zélia, ali pa mndandanda, ndipo madirinya wake, mayi wake wa ubatizo, ndine. Kadiresi kake koyera ndikusoka, ndafika pa manja.

Lachiwiri, 5 Agosito

Sanapezeke. Ndasesa mpaka kuseri kwa gome. Mulungu woiwala waiwala kwawo.

Lachitatu, 6 Agosito

Zélia wabwera ndikuweruka ku shikola, mwana kumsana, maso pa zala za kumapazi. Ndinamulera ndekha amayi atamwalira, ndiye ndimadziwa: akayamba kuyamikira maluwa anga, ali ndi mlandu.

Wayamikira maluwa. Kenako wati Chiiwale ali ku garimpo, kumaenje kumene amuna ake amakumba golide. Alamu Rogério anamutenga Lamulungu m'thumba la kabudula. Anamuika pakamwa pa dzenje, anamuwaza ufa, anamuthirira kamowa pansi. Dzulo, atakumba miyezi yonseyi osaona kanthu, atsuka mchenga apeza kagolide konga njere ya mapira.

Ndinaseka mpaka Yolanda anadzuka. Zélia sanaseke.

Wati, monga amanditchulira ine mkulu wake, "Mana, anthu ayamba kukamba."

Ndamufunsa kuti akukamba chiyani. Wati akuti apurofesora ali ndi tinthu tawo. Tinthu.

Lachinayi, 7 Agosito

Ndinaitanitsa alamu Rogério. Abwera atavala nsapato zatsopano, akuyenda ngati pansi pali mazira.

Ndinayamba mofatsa, monga ndimachitira ndi ana a kalasi yoyamba. Ndinati alamu, chija ndinaumba ndine, pakhonde pomwe pano, inu mukudya nzimbe. Mphuno yake ndinaboola ndi kamtengo ka fosiforo, machesi aja. Khosi linathyoka, ndinamata ndi malovu.

Anagwedeza mutu movomera zonse. Kenako anati, "Nanga golideyo munaumbanso ndinu, alamu?"

Ndinawakumbutsa nkhani yake: Chiiwale sadziwa malo a golide. Ndiye nthabwala yake yonse imeneyo. Mwafunsa mulungu wolakwika. Mukanakhala ofuna kutaya chinthu, apo ndiye akanakuthandizani.

Iwo akuti ndi pomwepo pamene ine sindinamvetse. Munthu woiwala, ukamufikitsa pafupi ndi pomwe anasiya chinthu, amakumbuka. Akuti amayi awo amatero ndi makiyi. Ndiye Chiiwale amangofuna kumutengera kumaloko, basi.

Kunena zoona, ndi maganizo abwino. Ndikanawaika m'masewera. Zaka zonse zimene ndaphunzitsa, wophunzira woyamba kutenga phunziro langa n'kuliwonjezera ndi ameneyu, ndipo waliwonjezera cham'mbuyo.

Ndinati andibwezere. Akuti ali pa ntchito.

Loweruka, 9 Agosito

Pobwera kumsika ndapeza amuna pa mpanda, fumbi lofiira mpaka m'nsidze. Ena olankhula Chinsenga, wina Chinyungwe, wina wa kofia yoyera amene ndimamuona akugulitsa mabatire. Andipatsa moni waulemu woposa umene ndimalandira kwa adiretori a ku shikola.

Akufuna milungu.

Ndinati ilipo iwiri yotsala koma si yogulitsa, ndi ya masewera, ndipo ndinafotokoza ntchito ya uliwonse kuti aone kupanda pake kwake. Anamvetsera bwino kwambiri. Wina anafunsa ngati angapemphe mnzake kuti azimupempherera kwa Gonthi, iye n'kukhala mnansi wolandira. Bweramawa palibe anamufuna. Wa Chinyungwe uja akuti ameneyo anakumana naye kale ku ofesi pofuna bilyeti, chitupa chija cha boma. Wamng'ono mwa onse anafunsa ngati ndingaumbe wa mota, njinga yamoto ija, yake ikungozima pa chitunda.

Ndikuwathamangitsa, Mai Eulália a gulu la amayi a kutchalitchi anali kudutsa ndi chidebe pamutu. Sindinaonepo munthu wosenza madzi akuyenda pang'onopang'ono chotero. Nkhono ikanawapitirira.

Lamulungu, 10 Agosito

Bambo Silvestre, animadori wathu amene amatsogolera mapemphero apadiri kulibe, alalikira za mafano. Sanatchule dzina. Maso awo anali kumalata, a anthu ena onse anali pa ine. Ndinaimba nyimbo yopereka mphatso maso ali pa buku.

Potuluka anandiitanira pambali. Akuti akulu a mpingo akufuna kundimva Lachinayi. Akuti madirinya ndi mayi wachiwiri wa mwana pamaso pa Mulungu, ndipo nyumba yake iyenera kukhala yopanda chokayikitsa. Ndinati m'nyumba mwanga chokayikitsa ndi denga lokha. Sanaseke. Mwina sanamve, khutu lawo lamanzere linapuma kalekale.

Akuti ndisade nkhawa za mwanayo, sadzasowa womunyamula: Mai Eulália adzipereka kale, ngati pangafunike.

Ngati pangafunike.

Lero sitinasewere. Katoni ili kuseri kwa chitseko.

Lolemba, 11 Agosito

Pa bomba la madzi, mjigo wathu uja. Sanandione, ndinali kuseri kwa mpanda wa udzu ndikumanga nkhata. Mai Eulália akuuza anzawo kuti asandiweruze kwambiri, munthu amene sanabereke manja amamuyabwa, ndiye amaumba ana adongo n'kuwapatsa mayina. Anaziyankhula mwachifundo, ndi mawu awo aja opempherera odwala.

Ndinatuluka, ndinawapatsa moni, ndinatunga madzi anga. Chidebe chinasefukira ndili chiimire.

Yolanda ndinamuona ine asanamuone bambo wake. Ndinamusambitsa koyamba. Zélia atandiuza kuti mana, mudzakhala madirinya, ndinapita kuseri kwa nyumba kukayang'ana nkhuku zomwe zinalibe vuto lililonse. Sindinapemphepo chinthu ku mpingo uno. Ichi chokha.

Kolala ya kadiresi yakana. Ndasula, ndasoka, ndasulanso.

Lachiwiri, 12 Agosito

Titaweruka ndinakwera mota kupita ku garimpo kukatenga mulungu wanga.

M'njira ndimadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani ndinaipanga yopusa chotero. Yankho ndikulidziwa. M'masewerawa amapambana ndi amene wasiya kudikira milungu: womanga mlatho yekha, wogwirizana ndi mnzake, wosunga chakudya mvula isanadule njira. Amene amangoponya dado kupemphera amathera m'matope. Ndinkafuna kuti anthu aseke, ndipo akuseka aone. Alamu Rogério asewera miyezi yonseyi, sanapambanepo, ndipo chimene anatolapo ndi chakuti sanapemphere mokwanira.

Ndinamupeza Chiiwale. Amumangira kanyumba ka pulasitiki ya buluu pakamwa pa dzenje. Amuveka kansalu ka kapulana. Kutsogolo kwake kuli ufa m'chitsekerero, fodya, siwiti. Akukhala bwino kuposa amene anamuumba, kwanga kumadontha.

Ndikuyandikira, bambo wina wa ndevu anatambasula dzanja. Akuti akazi saloledwa kufika pafupi, amakwiya.

Ndinafunsa kuti amakwiya ndani.

Akuti Amayiwo.

Ndinati Amayiwo ndi mkazi, ndipo anawaumba ndi mkazi, pa mwendo uwu. Akuti zimenezo sazidziwa, iye anapeza lamulo lilipo. Sabata imodzi yokha ali kale ndi malamulo, ndi mlonda, ndi tsiku lomwe sadya mchere. Akadzatha mwezi adzakhala ndi kwaya.

Alamu Rogério anatuluka m'dzenje ofiira ngati chiswe. Ndinalankhula nawo pambali, osafotokoza kanthu ulendo uno. Ndinati ngati Lachinayi ndipita kwa akulu wopanda chidolechi, mwana wanu adzanyamulidwa ndi Mai Eulália, ndipo adzakhala komadire wanu, mbale wanu wa ubatizo, mpaka imfa, adzalowa m'nyumba mwanu osagogoda, adzadziwa zomwe mumamwa. Anaganiza pang'ono. Anakamutenga okha, atamugwira ndi manja awiri, n'kunena kuti ndibweze Lachisanu.

Pobwerera ndinamuika m'thumba pamodzi ndi tomato.

Lachitatu, 13 Agosito

Yolanda akutsokomola. Zélia akuti ndi fumbi, anapita naye kuchipatala, anamupatsa sharope, mankhwala akumwa a chifuwa. Maso a Zélia alowa m'kati.

Lachinayi, 14 Agosito

Pansi pa mtengo kuseri kwa kapela. Bambo Silvestre pa mpando, akulu pa benchi, Mai Eulália pa mkeka ndi korona m'manja. Chapatali, pamthunzi wa chimbudzi, alamu Rogério ndi anzawo a ku garimpo, ngati odikira wodwala wawo.

Ndinayala katoni pansi, ndinaimika milungu yonse itatu, ndinayamba kuyambira pa matope. Ndinaona kuti nkhaniyo akuikonda ngakhale sakufuna. Pa Bweramawa, mkulu wina anabisa pakamwa ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Wina anafunsa ngati nkhunizo zidzabwere tsiku lina. Ndinati m'masewera anga ayi.

Bambo Silvestre anafunsa ngati Gonthiyu akutanthauza munthu wina wa mumpingo muno. Ndinati ayi. Anati ndibwereze.

Ndimaganiza kuti zatha bwino, Mai Eulália anakweza mutu. Akuti apurofesora pakamwa ndi pawo, angafotokoze mwala mpaka usanduke mbatata. Koma chinthu chimene anthu achithirira nsembe sichikhalanso chidole. Ngati ndi dongo chabe, bwanji amachisunga m'chitini ngati shuga? Bwanji anakwera mota kukachitenga?

Funso labwino, ndipo linandipweteka chifukwa chake chomwecho.

Ndinapempha chidebe cha madzi. Chitabwera ndinati, "Ndinakuuzani kuti amaopa mvula. Onani."

Ndinayamba ndi Bweramawa, anamira osachedwa, koyamba m'moyo wake. Kenako Gonthi. Chiiwale ndinamuvula kansalu kaja ndisanamuike. Dongo losawotcha silisweka, limangolefuka. Timathovu tinakwera. Mutu unapendekera pomwe ndinamata paja, n'kugwa. Mphuno ya fosiforo inatsekeka. Ndinavundula ndi dzanja mpaka zonse zinakhala phala lofiirira, n'kuonetsa chikhatho.

Kumthunzi kuja wina anabuula ngati wapondedwa.

Sindinayembekeze kuti ine ndimva chilichonse. Koma ndinakumbuka tsiku lomwe ndinaiumba, Zélia ali ndi pakati, akuseka kuti Gonthi wafanana ndi malume athu. Ndinapukuta dzanja pa udzu nthawi yaitali.

Bambo Silvestre anaimirira n'kunena kuti nkhani yatha, fano silingalole kuchitidwa chotere pamaso pa anthu, madirinya ndi yemweyo. Anawonjeza kuti masewerawo ndiwapezere nkhani ina, ya alimi kapena ya masamu. Mai Eulália anandigwira dzanja n'kunena kuti akhala akundipempherera. Ndinati ndinamva, pa bomba.

Tinalowa m'kapela kukatseka ndi pemphero. Potuluka ndinapita kukatenga chidebe. Chinali pomwepo, chopanda kanthu, chopukutidwa mpaka pansi. Ndinayang'ana pozungulira ponse. Panalibe ponyowa.

Lachisanu, 15 Agosito

Alamu Rogério sanabwere kudzatenga zomwe ndinalonjeza kubweza. Sanatumenso munthu. Zimenezi sizikundisangalatsa.

Ndinadutsa kwawo kukaona Yolanda. Chifuwa chidakalipo. Kuseri kwa nyumba kumafuka utsi, moto wa ndowe zouma ndi makungwa, wophimbidwa bwino. Ndinafunsa kuti akuwotcha chiyani. Zélia anati zinyalala, kenako anayamikira nsapato zanga.

Loweruka, 16 Agosito

Kadiresi katha. Kolala yakhota pang'ono, koma khosi la mwana ndi lalifupi, sizioneka.

Masana Bambo Silvestre anasonkhanitsa makolo ndi amadirinya ndi apadirinyu kutiphunzitsa mayankho a mawa. Apadiri akafunsa ngati tikukana Satana, ndi ntchito zake zonse, ndi zonyenga zake zonse, tiyankhe mokweza kuti ndikukana. Anatibwerezetsa mpaka mbuzi za kuseri zinayamba kuyankha nafe. Ine anandiuza kuti ndikweze kuposa ena, anthu amve.

Ndinayesa kuganiza dziko latsopano lopanda milungu. Anthu amadzuka, amalima, amagona. Palibe womunyoza mbewu zikapsa. Sindikuona amene angasewere.

Chitini chija ndaikamo mabatani.

Lamulungu, 17 Agosito

Mwambo wake, mwana amamuveka ndi madirinya. Ndinatumiza kadiresi dzulo kuti akasite, ndipo m'mawa ndinapita kuti ndikamuveke. Ndinapeza wavala kale, mpaka tisokosi. Zélia anati amaopa kuchedwa. Ndinakhumudwa.

Kapela inadzaza, ena pa mawindo. Apadiri anafika ndi fumbi la ku Chipera m'tsitsi. Tinaima pamzere kutsogolo, ine ndi Yolanda m'manja, Zélia kumanzere kwanga, alamu Rogério mu jekete lobwereka. Mai Eulália anadzipatsa ntchito yogwira thaulo, ndiye anaima pafupi nane, phewa ndi phewa.

Mwana anayamba kutakataka. Ndikumukweza kuti akhale bwino, chala changa chinagunda kanthu kolimba m'chiuno mwake, pansi pa diresi. Ndinayesa ndi batani la thewera. Ndinapapasa: kachingwe, ndi kamkanda kamodzi kokula ngati nzama. Ndinapinda nsalu pang'ono ngati ndikukonza.

Dongo. Lofiira, lowotchedwa bwino, lolimba ngati njerwa. Ndi timabowo tiwiri ta fosiforo pamphuno.

Nkhuni zija zafika.

Ndinayang'ana alamu Rogério. Anali kuwerenga malata. Ndinayang'ana Zélia, ndipo iye sanathawe maso anga. Anasendera ngati akupukuta mwana kukamwa, n'kunong'ona kuti, "Chifuwa chija chasiya, mana."

Zonse zinali pa lilime langa, zokonzeka: kuti ndi sharope, kuti chifuwa cha fumbi chimatha chokha, kuti ameneyu ngakhale m'nkhani yanga sachiritsa munthu. Mai Eulália anali atatsitsa maso, akuyang'ana pomwe panali dzanja langa. Ndikanangosuntha chala, akanakaona.

Ndinatambasula chikhatho chonse pachiuno cha mwana, n'kumukumbatira pachifuwa.

Apadiri anafunsa. Ndinayankha mokweza monga anandiuzira, katatu konse, mpaka Bambo Silvestre anagwedeza mutu kuti amva.

Apadiri athu sachita nkhanza ndi madzi. Anathira chikho chodzaza, Yolanda analira, madzi anatsika pamutu, m'khosi, kudutsa kolala yanga yokhota, mpaka analowa pansi pa chikhatho changa. Mai Eulália anatambasula thaulo kuti amupukute. Ndinalitenga m'manja mwawo ndi dzanja linalo, ndinati ndipukuta ndekha, ndine madirinya.

Pansi pa chikhatho, Chiiwale anali wonyowa. Ndinamufinya ndi chala. Sanasungunuke.